Mvula Imene Inapha Amayi

Gouyave, Grenada

Okondedwa Tanti Eudine,

Ndikhulupirira muli bwino ku Brooklyn kozizirako. Mgolo wa katundu uja unafika, zikomo. Nsapato zikundithina pang'ono koma ndikuvala.

Tanti, mutu wanga sukugwira. Paja munandiuza kuti achemwali anu, amayi anga, anamwalira chifukwa anatuluka pamvula atangomaliza kusita zovala. Zaka makumi atatu tsopano, ndikasita sindikhudza madzi, ngakhale firiji sinditsegula.

Lachiwiri kutchalitchi kunabwera namwino kudzatiphunzitsa kudziyeza mawere. Anandifunsa ngati m'banja mwathu wina anadwalapo khansa ya m'mawere. Ndinati ayi. Mayi Verlyn, aja anasambitsa thupi la amayi pamaliro, anandiyang'ana nthawi yaitali.

Potuluka anandikoka dzanja. “Iwe Corine, mvula yanji imadula bere? Amayi ako tinawaika ali ndi limodzi.”

Ndiye ndimve za ndani? Kapena Mayi Verlyn akalamba, akusokoneza maliro? Lolemba ndikupita kuchipatala ku St George's. Ndi zazing'ono, musadandaule, kungoti namwino akufuna yankho loona.

Ana akupereka moni. Mukamayankha mundiuzeko, Tanti: bere linadulidwalo linali la mbali iti? Langa lomwe ndapezamo kachotupa ndi lakumanzere.

Ndine mwana wanu,
Corine