Nzeru Imene Munampatsa Keldrick

Ohio,
29 Ogasiti

Okondedwa achimwene a Cleophus,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino kwathu ku Mississippi, pamodzi ndi alamu anga a Verlene. Nanga bondo lija likukulolani kukwera masitepe a kutchalitchi? Ife kuno tadzuka. Mpongozi wanga Tameka watsala ndi miyezi iwiri kuti achire, miyendo yatupa, koma kudya ndiye sakunyengerera.

Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa ndimakudziwani. Pafoni mukanayamba nthabwala zanu zija, ine n'kuseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Iyi si yoseka.

Zoti mwana wathu Keldrick walowa m'timu ya akuluakulu ya mpira wa ku America mwamva kale. Pa anyamata 90 amene anabwera kudzayesedwa asunga 53, iye ali momwemo. Mukukumbukira mu Epulo muja, matimu akusankha osewera, tinakazinga mlamba wodyetsa msewu wonse, masiku atatu foni yake osalira, palibe timu inamusankha. Dzana, Lachiwiri, zinali zotembenuka: foni ikalira ndiye kuti wachotsedwa, akabweze buku la kaseweredwe ka timu. Tinaiyang'ana patebulo tsiku lonse osadya. Folo koloko itakwana isanalire ndinagwada pakapeti, ndipo poyamika Mulungu ndinatchula dzina lanu. Ndinu, monga mphunzitsi wa mpira pasukulu paja, munamuveka chisoti chosewerera ali ndi zaka khumi ndi zinayi, bambo ake atangotisiya. Ndinu munamuika kumbuyo kwa mzere wa otchinga kuti azigwetsa onyamula mpira, mpaka mpirawo unamutengera ku koleji.

Chimwemwecho chinakhala tsiku limodzi.

Dzulo m'mawa ndinamutuma mkaka pasitolo ya pakona. Ola lathunthu linadutsa. Tameka atasuzumira pawindo anamuona ataima mumsewu, mkaka uli m'manja, akuyang'ana nyumba imodziimodzi. Ndinatsika ndi patapata. Atandiona anamwetulira mwamanyazi n'kunena motsitsa mawu kuti, “Mayi, paja yathu ndi iti?”

Achimwene, nyumba imeneyi akhalamo kuyambira mwezi wa Meyi. Ndinamugwira mkono n'kumulondolera kunyumba.

Titalowa, Tameka anayamba kulira n'kuulula zonse. Akuti chiyambire Loweruka, pamene Keldrick anagundana mitu ndi mnzake m'masewero omaliza oyeserera, amasanza kubafa atatsegula mpopi kuti ine ndisamve. Magalasi akuda amene amavala m'nyumba, amene ine ndimamuseka kuti wayamba matama a anthu otchuka, akuti n'chifukwa kuwala kumamubaya m'maso. Ine ndinalipo Loweruka limenelo. Ndinaona madokotala akumutengera m'katenti, ndinaonanso akutuluka n'kubwerera m'bwalo. Ndinaimirira n'kuwomba m'manja.

Ndinamufunsa Keldrick kuti madokotala aja anamuyeza chiyani kuti amubweze. Anaseka. “Mayi inunso, musachite ngati mpira mwauona lero.” Kenako anandifotokozera modekha ngati akundiphunzitsa kumanga nsapato. Akuti chaka chikamayamba, wosewera aliyense amayesedwa mutu adakali bwinobwino: kuloweza mawu angapo, kutchula miyezi chobwerera kuyambira Disembala, kuima ndi mwendo umodzi atatsinzina. Zotsatira amasunga. Tsiku ukagundidwa amakuyesanso n'kufananiza ndi zoyamba zija. Ndiye wochenjera, akuti, amalakwitsa dala poyambapo. Amaiwala dala mawu awiri, amadumpha Okutobala, amadzandira pang'ono. Tsiku mutu ukasokonezeka zenizeni, dokotala amaona kuti palibe chasintha.

Ndinafunsa kuti wamuphunzitsa zimenezi ndani, ndikuganiza kuti ndi anzake a kukoleji. Anandiyang'ana modabwa. “Si amalume? Anatiuza tonse, chaka changa chachiwiri kusekondale. Ankati wodziwa miyezi kwambiri amaonera mpira pabenchi.”

Ndinakhala pansi. Inu, achimwene? Inu amene mumapemphera ndi ana aja asanalowe m'bwalo? Zaka zonse zija ndinkagulitsa chigumu pageti la sukulu Lachisanu lililonse, ndikumva mukukuwa kuti, “Dzuka iwe, mutu si dzira!” Ndinkaseka pamodzi ndi anthu. Sindikudzichotsamo ayi. Koma sindinkadziwa kuti ngakhale dokotala munamutseka maso. Ndinamufunsa Keldrick kuti zamuchitikira kangati. Anawerenga zala, n'kunena kuti zimene akukumbukira ndi kasanu ndi kamodzi. Zimene akukumbukira!

Ndinamupempha kuti apite akanene zoona. Anakana. Akuti akangokhala pansi sabata imodzi, pali mnyamata wa ku Texas amene akudikira malo ake ngati mphaka pakhomo la khitchini, ndipo munthu amene sanasankhidwe mu Epulo salandira mwayi kawiri. Anandilozera mimba ya Tameka n'kufunsa kuti mwanayo adzadya chiyani. Nditanena kuti basi ndipita ndekha, nkhope inasintha. “Mukakaponda kumeneko, mayi, musadzanditchenso mwana wanu.” Chibadwire sanandilankhulepo choncho. Madzulo ake anabwera kudzandifunsa chimene ndakwiyira. Sindikudziwa ngati amanamizira kapena anaiwaladi, ndipo chimenechi ndicho chikundiopsa kwambiri.

Masewero oyamba ali Lamulungu la sabata yamawa. Ndamva kuti mwasonkhanitsa anthu a kutchalitchi kuti mudzaonere limodzi pa kanema wamkulu, ndipo mwasindikiza malaya a nambala yake. Ine ndawerenga kapepala ka kuchipatala kamene Tameka anabisa m'kabati. Akuti mutu ukagundidwanso usanapole, munthu amatha kugwa osadzukanso.

Pempho langa ndi limodzi. Muimbireni. Ine sandimvera, mkazi wake samumvera, koma inu mukati lumpha amalumpha asanafunse kuti kuti. Musamuuze kuti asiye mpira, zimenezo ngakhale ine sindinganene. Mumuuze kuti nzeru ija inali yolakwika, kuti munalakwa ndinu, ndipo apite kwa dokotala wa timu akayesedwe mwachilungamo. Ndikudziwa kuti mawu oti ndinalakwa sanatulukepo pakamwa panu, ngakhale tsiku munagwetsera galimoto ya bambo mu ngalande. Koma mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo wamkulu m'banja lino ndinu.

Kalatayi ndaitumiza ya changu, ifika Loweruka. Ndidikira mpaka Lachinayi m'mawa. Likadzafika musanaimbe, ndidzavala diresi langa la kutchalitchi n'kukwera basi kupita kwa dokotalayo ndekha. Mwina amuchotsa m'timu. Anthu kwathu adzati Odessa waphera mwana wake tsogolo, ndipo inu mudzakhala woyamba kunena. Iye adzadana nane, ndikudziwa. Ndalingalira, ndalira, ndasankha. Bola mwana wodana nane koma akudziwa kuti amene akudana nayeyo ndi mayi ake.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti mbewu za therere zija zinamera m'chitini koma kuno kwayamba kale kuzizira. Moni kwa azakhali a Zelma, kwa msuweni wathu Roosevelt ndi ana ake onse. Amayi musawawerengere kalatayi, mtima wawo sungathe. Mungowauza kuti mdzukulu wawo akudya bwino, chifukwa chimenecho chokha n'choona.

Ndine mlongo wanu amene amakukondanibe,

Odessa