Chubu cha a Whiteson

Zingalume, Chadiza

Okondedwa Malume,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitweko. Kuno chimanga chafota ndi dzuwa, koma tilipo.

Alongo anga a Whiteson anabwerako ku yunivesite osamaliza. Ndawafunsa mpaka pakamwa kuuma. Akuti ankaphunzira masamu a Sobolev, a kukoka chinthu ngati mphira osaching'amba kapena kuchipinda. Pa masamuwa, Jakobiyani ndiyo nambala yoonetsa mmene malo aliwonse akulira pokokedwa. Zaka zonsezi ankafuna kutsimikiza kuti timadontho topanda ukulu uliwonse sitingafutukuke kukhala bwalo. Kenaka aphunzitsi awo anawaonetsa kakokedwe kena: Jakobiyani ndi ziro pafupifupi paliponse, koma timadontho tija tafutukuka n'kudzaza malo onse. Ntchito ya a Whiteson inathera pomwepo.

Tsopano anachotsa chubu cha njinga yathu, amachilemba madontho n'kumachikoka tsiku lonse osadya. Ine tomato ndikumasenza pamutu mpaka ku boma. Amayi akuti anawalodza. Kaya.

Malume, bwerani msanga. Dzulo a Whiteson anandifunsa komwe timasunga chingwe cha ng'ombe. Ng'ombezo tinagulitsa chaka chatha, ndipo iwo akudziwa.

Ine mwana wanu,
Prudence