Dzina la Mudzi Lili M'kamwa mwa Achimwene

Lachinayi, Okutobala. Kwatentha tsiku lonse, mitambo yada bii, koma mvula ayi.

Mdzukulu wanga Rudo wabwera kuno kudera lathu la Aerodrome kudzandionetsa masewera a pa kompyuta amene akupanga ndi anzake. Wosewera amakhala wokumba mgodi kudziko lina, kuseri kwa nyenyezi, ndipo sadziwa kumene makolo ake anachokera. Ndamufunsa ngati iye mwini masewera akudziwa.

"Ndikudziwa, Sekuru, koma sitiulula," wayankha akuseka, akunditchula agogo m'chiyankhulo cha kuno. "Timangoponya tizidutswa, apa kanyimbo, apo theka la dzina. Osewera ukawauza zonse amasiya kusewera, handiti, si choncho?"

Ine sindinaseke. Bambo athu anachokera ku Malawi kudzakumba golide m'dziko lino, ndipo dzina la mudzi wawo anauza mwana woyamba yekha, achimwene anga a Yohane. Chiikireni maliro a bambo, achimwene akhala akundiponyera tizidutswa momwemo: kuli phiri, kuli mtsinje wouma chilimwe, agogo ankasula makasu. Dzina lokha ayi. Nthawi zonse amati ndibwerenso, ndipo ine, ndi imvi zangazi, ndimapalasa njinga mpaka kwawo ku Kitsiyatota ngati wosewera wa Rudo.

Masana ano alamu, akazi a achimwene, aimba foni. Achimwene agwa pakhomo, pakamwa papotoka, mawu sakumveka, ndipo awagoneka kuchipatala.

Rudo akuti chinsinsi chawo amachisunga anthu angapo, kuti wina akachoka chisatayike. Chathu chili mwa munthu mmodzi. Mawa ndilawirira kuchipatala, ndipo sindikudziwa ngati ndikukaona mbale wanga kapena ndikukalanda dzinalo asanapite nalo.