Mizere Isanu ya Mayi

Okondedwa achimwene a Gaspard,

Ndikhulupirira muli bwino ku Montréal kumeneko, inu ndi alamu. Ife kuno ku Cornas tilipo, kungoti mvula sitinaionenso chiyambire Juni.

Lamulo mukulidziwa: mpesa wotenga dzina la mudzi uno suthiriridwa, umadzifunira wokha madzi m'miyala. Agogo ankanyadira lamuloli kuposa ana awo. Koma bambo ataona mizere isanu ya mpesa ija anabzala malemu mayi ikufota, anakwera phiri ndi ndowa ziwiri dzuwa lili paliwombo, osabisa n'komwe. A Clovis, omwe aja mayi ankawatumizira supu akazi awo atamwalira, anakanena ku komiti yoyang'anira dzinalo.

Ndiye vinyo wathu chaka chino alibe dzina, apita m'mathanki ngati vinyo wamba. Nditakumana ndi a Clovis kogula buledi, anati, "Mwana wanga, dzinali n'la tonse." Ndinati, "Pomwa supu ija simunaitane komiti bwanji?"

Bambo sakudandaula, ndipo n'zimene zikundiopsa. Lachiwiri kunabwera munthu wa nsapato zoyera wochokera ku Lyon. Bambo anazungulira naye munda wonse, ndipo potsanzikana anagwirana chanza nthawi yaitali. Sindinafunse ngati akugulitsa mundawu.

Zithunzi za ana tinalandira, akula ndithu. Paja munati mudzabwera nawo akadzamaliza sukulu kuti adzaone munda wa agogo awo. Musadikire sukuluyo.

Mizere ya mayi ija yatsitsimuka. M'phiri monse, yobiriwira ndi yokhayo.

Ine mlongo wanu,
Odile