Ndege Yovala Chitenje Chanu

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko? Ife kuno ku Masasa tilipo, kuzizira kokha ndi kumene sikukutipatsa mpata. Mkazi wa mwana wanu Chawanangwa anachira, mwana wamkazi, mphuno yanu yeniyeni. Chimanga cha ku Lupaso chinachita bwino, ngakhale munda uja watsala pang'ono kumezedwa. Anthu akumanga mbali zonse, ati zogonamo ana a ku yunivesite.

Koma chimene ndakulemberani ndi nkhani ya mdzukulu wanu Tiwonge, mwana wanga, ndipo sindikudziwa poyambira chifukwa inenso sindikuimvetsa.

Mukudziwa kuti chiyambire yunivesite amangokhalira pa kompyuta. Pali masewera ena oulutsa ndege, munthu uli pampando koma ukuona ngati uli m'mitambo. Iye chake ndi kupenta ndege zimenezo, popanda penti, popanda bulashi. Ndi ndege zankhondo, Amayi, zamfuti m'mapiko. Ndinamufunsa kuti ndi za dziko liti. Akuti zathu. Ndinati ife tinakhalapo nazo liti? Akuti sitinakhalepo nazo, koma iye amaganizira kuti chikhala kuti titangolandira ufulu dziko linagula ndege zotere n'kumazisunga pa bwalo la ndege la Mzuzu, zikanapakidwa mitundu yanji. Ndiye ndi bodza? Akuti si bodza. Zinachitika? Akuti sizinachitike. Ine ndinangotuluka kukaanika zovala.

Sabata yatha kunabwera amayi aang'ono, ang'ono anu a ku Nkhata Bay, kudzakonzekera za chiliza chanu. Tiwonge, ndi chimwemwe chake, anawaonetsa ndege yatsopano. Nanenso ndinasuzumira. Yabuluu thupi lonse, masamba achikasu m'mapiko monse. Chitenje chanu chija, Amayi, chimene munkavala popita kumsika. Ngakhale paja panapsa ndi simbi anapajambula, pali kumchira. Pansi pa zenera la woyendetsa analembapo dzina lanu.

Amayi aang'ono anafunsa kuti chitenjecho anachiona kuti, popeza sutikesi yanu tinaitseka pamaliro, ndipo amalume analamula kuti isatsegulidwe mpaka tsiku logawa zovala. Tiwonge anavomera kuti anachitulutsa, kuchiyala pabedi, kuchijambula ndi foni, n'kuchibwezera. Anawonjezeranso, osadziwa kuti akudziika m'mavuto, kuti anthu a maiko akutali akuiulutsa kale ndegeyo. Inu mukuwadziwa ang'ono anu. Nsalu ya malemu, ndege, kuuluka kupita kunja. Mawu oti ufiti sanawatchule, koma mpunga umene Tiwonge anaphika tsikulo sanaulawe. Loweruka lino abale akumana kuti akambirane ngati mwanayu angaime nawo pamanda anu povundukula chiliza.

Ndinamukalipira chomene. Munthu wopemphera ngati inu, amene munkatilanda ngakhale legeni, n'kukuvekani pa chinthu chophera anthu? Iye anangondifunsa ngati ndaiwala zimene munkachita kandege kakamatera ife tikuchokera kumsika. Sindinaiwale. Munkatula dengu pamsewu pomwepo, dzanja pachipumi, n'kumati, “Tsiku lina ndidzakwera, ndikaone pamene denga langa likudonthera.” Simunakwerepo. Akuti m'dziko lake losachitikalo woyendetsa ndinu, mfutizo simunaziwombepo, ntchito yanu ndi kuzungulira pamwamba pa Masasa basi. Mwana uyu pamaliro anu sanagwetse msozi, anthu mpaka ananena. Osadziwa kuti miyezi yonseyi wakhala akujambula masamba a chitenje chanu limodzilimodzi.

Tsono pali funso limene amayi aang'ono sanafunse, loti kiyi anaitenga kuti. Sanaitenge. Anapeza loko ali wotsegula. Kiyi ndimasunga ndine, ndipo chikuikireni m'manda ndakhala ndikutsegula sutikesi ija m'mawa anthu akabalalika pakhomo. Chitenje chija chinali pamwamba chifukwa ndimachitulutsa ndine, n'kubisamo nkhope, chikadali ndi fungo la mafuta anu aja. Tsiku limenelo ndinaiwala kutseka. Tiwonge akudziwa zonsezi. Pamene amayi aang'ono ankamufunsa, mwanayu anandiyang'ana kamodzi kokha, osandiulula, ine n'kukhala duu ngati mlendo. Ndikuchita manyazi, Amayi. Munkati munthu akalakwa azinena madzi osamba asanazizire, ine anga anazizira kalekale.

Kaya ndege ija ndi ulemu kaya ndi chipongwe, sindikudziwa. Kaya mukanaseka kaya mukanamukoka khutu, sindikudziwanso. Dzulo ndinamupempha kuti andionetsenso. Anaikweza kuchokera pabwalo paja, inadutsa pamwamba pa tauni, n'kukhotera kwathu. Ndinadzipeza ndikufunafuna denga lanu. Anandiuza kuti ndigwire chowongolera, ine ndinakana, ndinaopa kukugwetsani.

Loweruka ndidzaimirira amalume asanayambe kulankhula, ndidzaika kiyi patebulo, ndipo ndidzanena kuti anayamba kutsegula ndine. Akafuna kuletsa munthu kufika pamanda anu, ayambe ndi ine. Izi ndakulonjezani, ndipo mukudziwa kuti ndikalemba sindibweza.

Yewo chomene, Amayi. Ndimakukondani monga kale.

Ndine mwana wanu,
Lusungu