Dumisani Akufuna Kukagona M'chipululu

Rawdat Al Khail,
Doha.

Okondedwa achemwali a Fanny,

Landirani moni wochokera kuno kumchenga. Kaya muli bwanji inu, alamu ndi ana? Nanga mayi, mwendo uja wasiya kutupa? Ine thupi lili bwino, ntchito yoyendetsa galimoto ikuyenda, koma mtima suli m'malo. Ndalemba papepala n'kujambula pafoni chifukwa mwini nkhaniyi amagona bedi la pamwamba panga, ndikaimba amva zonse.

Nkhani ndi ya mlongo wanu Dumisani. Mukudziwa kuti amalondera pageti la nyumba za anthu olemera ku Al Duhail. Mwa anthuwo muli mayi wina wa ku Amereka wophunzitsa payunivesite. Anamuona akuwerenga nyuzipepala yakale pagetipo, ndiye anayamba kumubwereka mabuku. Poyamba ndinakondwa, ndinati mwana anafika Fomu 4, asaiwale sukulu ngati ine amene ndinalekeza kupulayimale.

Mabukuwo analemba ndi anthu a ku Amereka kalekale, magalimoto kulibe. Akuti kalembedwe kawo amakatchula kuti Romantisizimu. Akuti ankaphunzitsa kuti munthu azimvera mtima wake kuposa malamulo a anthu, kuti tauni imaumitsa mzimu, ndipo kuti ukakhala wekha m'nkhalango, pakati pa mitengo ndi madzi, m'pamene umamva bwino Mulungu. Ena mwa iwo ankalemba zoopsa, za mizukwa ndi anthu ozunzika ndi tchimo. Zimenezo amatiwerengera m'chipinda, mpaka Terrence, mnzathu wa ku Chipata, anamuuza kuti khalasi, ndiye kuti zakwana m'Chiarabu, akapitiriza amutayira bukulo pawindo.

Ine ndinamufunsa ngati azungu akewo anali pa kontirakiti. Anaseka, n'kunena kuti achimwene munabadwa ndi mantha, mumaopa ndi mphaka yemwe. Ndinamukumbutsa kuti kuno nkhalango kulibe, mitengo yake ndi yothirira ndi paipi. Anayankha kuti nkhalango ya kuno ndi chipululu.

Lachisanu lapitali, tsiku lake lopuma, anachitadi. Anapempha lifiti pa lole yamadzi n'kukatsika kunja kwa tauni. Foni anaisiya pabedi dala, akuti ndi phokoso. Achemwali, kutentha kwa kuno si kwa ku Nsanje kuja mumadandaula, kuno dzuwa limapha. Ndinamufunafuna paliponse osadziwa poyambira. Anabwera Loweruka masana, milomo yong'ambikang'ambika, atamutola bambo wina woweta ngamila. Shifiti ya m'mawa inali itamudutsa.

Supavaiza wake, a Ismail, ndi munthu wabwino, koma ananena poyera kuti akadzasowanso osalankhula, kampani ikanena kuti wathawa ntchito. Mlandu umenewo kuno ndi waukulu. Amakugwira n'kukukweza ndege, ndipo kubwereranso kumavuta.

Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti iye sakuona cholakwa. Akuti chibwerereni kuno, kumeneko ndiye anayamba kudzimva kuti ndi munthu, osati yunifolomu yotsegula geti. Akuti kunali zii mpaka analira. Nanenso kutopa kumeneko ndimakudziwa. Koma tsopano akuti Lachisanu likubwerali akagonanso komweko, ulendo uno mwadala, kuti aone nyenyezi, ndipo adzafika mbandakucha dyute isanayambe. Adzafika pa chiyani? Kumeneko kulibe mabasi.

Ndinalimba mtima n'kupita kwa mayi wa mabuku uja. Chingerezi changa mukuchidziwa, koma anandimva. Anadabwa kwambiri, anati amenewo ndi mabuku a m'kalasi, iye mwini kuchipululu amapita pagalimoto yozizira. Analankhula naye mwanayo ndipo anasiya kumubwereka mabuku. Dumisani anangondiuza kuti ndiye kuti mayiwo amaphunzitsa zinthu zimene sanazimvetse.

Pempho langa ndi limodzi. Muimbireni foni Lachisanu lisanafike. Inu amakumverani, munamubereka kumsana. Chonde musamukalipire, chifukwa aliyense womuletsa akumuyesa gulu lija mabuku ake amati lisamamveredwe. Mumuuze mofatsa kuti ngati akufuna nkhalango, ya Ntchisi ilipo kuseri kwa munda wathu, siikupita kulikonse. Amalize kontirakiti, adzakhalemo yekha mmene angafunire, ine ndizidzamupititsira chakudya. Mayi musawauze kanthu, magazi angawakwere.

Mukalephera, ndaganiza kale chochita. Ndagula chigubu chamadzi ndipo ndapempha bwana wanga tsiku lopuma. Anangoti inshala, kutanthauza Mulungu akalola, ndiye kuno mawu amenewo sudziwa ngati wavomera. Avomere asavomere, ndimutsatira mwanayu, foni ndibisa m'sokosi. Akufuna kukhala yekha, koma yekha sakhala. Ngati Loweruka madzulo simumva mawu anga, mukonzekere kutilandira tonse awiri ku eyapoti ku Lilongwe.

Mundiperekere moni kwa mayi, muwauze kuti ana awo ali bwino. Moni kwa alamu a Fraser, kwa azakhali a Maness, ndi kwa adzukulu onse a mayi. Mutikumbukire m'mapemphero, makamaka Lachisanu.

Ndine mlongo wanu wosowa tulo,
Wickson