Ngolo ya a Maliro

Lolemba, 6 Juni 2016

A Direkita Sungani atisonkhanitsa mu holo m'mawa. Akuti Lachiwiri sabata yamawa kukubwera anthu a ku Lilongwe, aja amayendera makoleji n'kuona ngati ali oyenera kuvomerezedwa. Akativomereza, digiri yathu ikhala digiri. Akatikana, ndi pepala lokulungira zitumbuwa. Izi sananene iwo, ndikunena ndine.

Ine Mervis ndatha zaka zinayi pa Sharpevale pano, m'shedi ya thonje yomwe anaipaka penti n'kuitcha koleji. Ku bungwe lina la ku Boma komwe ndinafunsira ntchito anandiuza maso ndi maso kuti ntchito ilipo, andisungira mpaka Julayi, bola sukulu yanga ikhale yovomerezeka. Ndiye pasapezeke wondisokonezera. Ndalumbira.

Lachitatu, 8 Juni

Kubwereka kwayamba. Makompyuta akuchokera ku kafe ina ya ku Boma, ambiri sayaka koma akuti tiziwapukuta aziwala. Pachitseko cha stolo alembapo dzina la dokotala wina wa zamaphunziro yemwe sitinamuonepo chibadwire. Adzakhala mphunzitsi wathu tsiku limodzi.

Mabuku akubwereka ku sekondale ya mishoni, chifukwa laibulale yathu ndi mashelefu a akangaude. Vuto galimoto, ya a Direkita yafa. Pomwepo Tisunge, amene ndimagona naye chipinda chimodzi, dzanja m'mwamba: "Bambo anga ali ndi ngolo." Kudzionetsera basi. Mtsikana ameneyu sangaone mpata woti amuyamikire n'kuusiya.

Loweruka, 11 Juni

Abwera a Maliro, bambo ake a Tisunge. Mkulu wowonda, jekete la makedzana, chipewa chopindika, chifuwa chomwe anabwera nacho kuchokera ku migodi ya ku Joni. Ng'ombe zawo akuti ina ndi Joni ina Bantomu. Asanatsitse buku ngakhale limodzi anayamba kaye moni, aliyense payekhapayekha, mpaka mlonda. Koma abale! Dzuwa likutiwotcha, iwo ali "kaya kunyumba, kaya makolo."

Aliyense amuuza zomwezo: "Mwana wangayu ndi woyamba m'dambo monse kufika ku yunivesite." Cedric, pulezidenti wa ife ophunzira, anatembenukira kukhoma kuti aseke bwino.

A Direkita anawauza kuti adzabwerenso Lachinayi m'mawa kudzabweza mabukuwo, poti a hedi a ku mishoni akuwafuna mayeso asanayambe. Masana onse tinali kumata timapepala pa zidindo za eni ake. Tisunge akumata akundinong'oneza: "Mervis, kodi si bodza limeneli?" Ndinamuyankha kuti bodza ndi kuphunzira zaka zinayi n'kubwerera kukaingitsa mbalame m'munda wa mpunga. Anapitiriza kumata.

Lachiwiri, 14 Juni

Tatchena kuyambira m'mawa, nsapato zobwereka zandidya zala. Anthu a ku Lilongwe aja sanabwere. Aimba foni kuti asintha, abwera Lachinayi.

Lachitatu, 15 Juni

Kuyeserera mayankho tsiku lonse, Cedric ndiye wofunsa. Laibulale? Imatsegulidwa tsiku lililonse. Dokotala? Amatiphunzitsa Lolemba ndi Lachisanu, munthu wabwino zedi. Dokotalayo tamuona lero, ali ndi mimba ngati wameza mtondo, akudandaula kuti resitihausi ili ndi nsikidzi.

Tisunge anakumbutsa a Direkita kuti bambo ake alibe foni, ndipo tsiku lomwe anawauza ndi mawa lomweli. Anapempha apite yekha akawauze. A Direkita anati ayi, iwe ndiwe woimirira mu laibulale, uthengawo ndituma wa kabaza. Ndinali pomwepo.

Lachinayi, 16 Juni

Mulungu andigwire, ndingaphe munthu.

Anabwera atatu, wotsogolera mayi wa magalasi, wosaseka. Zonse zinkayenda. Makalasi anaona, zimbudzi anaona, ine ndinayankha mafunso anga ngati madzi. Tinalowa mu laibulale, mayi uja akuyendetsa chala pa mabuku akugwedeza mutu. Mtima wanga unali utafika kale ku Boma.

Kenako phokoso la mateyala panja. Ngolo! Yaima pakhomo penipeni, Joni n'kuyamba kuchita ndowe pomwe tinasesa. A Direkita akuwatsinzinira, akuwakupiza ndi dzanja kuti chokani, koma a Maliro angadutse alendo osawalonjera? Anavula chipewa, kunjuta pakhomo, kuwomba m'manja.

"Pepani akuluakulu, sindingayambe ntchito ndisanakuoneni. Mwayenda bwanji?"

Mmodzimmodzi, onse atatu. Mayi uja anayankha mwaulemu, n'kufunsa: "Mwabwera ndi ntchito yanji, bambo?"

"Ndadzatenga mabuku a eni ake, mayi. A hedi a ku mishoni anati Lachinayi lisaphonye. Koma musafulumire, yambani mwawerenga, ng'ombe zipumeko."

Mayi uja anasolola buku, kulitsegula, kukanda kapepala kathu ndi chikhadabo. Linanso. Linanso. A Maliro, osadziwa kanthu, akuloza Tisunge ndi chipewa: "Uyo ndi mwana wanga, chaka chomaliza."

Dokotala atamufunsa kalasi yomwe amaphunzitsira analoza ku khitchini. Alendo ananyamuka osadya, nkhuku zonse tinawaphikira zija. Ife tinapakira mabuku pa ngolo, a Maliro akuimba mluzu, akutiyamikira kuti ndife ana akhalidwe, osalongolola.

Lachisanu, 17 Juni

A Direkita apita ku Blantyre "kukakonza zinthu." Foni yawo siikugwira.

Tisunge atalowa m'kalasi anyamata anayamba kulira ngati ng'ombe. Cedric ananjuta pansi, kukhosomola, "yambani mwawerenga, ng'ombe zipumeko." Ndinaseka mpaka misozi. Inde ndinaseka, nanga ndilire?

Kuchipinda Tisunge akuti: "Mervis, unalipo. A Direkita anati atuma munthu." Ndinamuuza kuti sindikukumbuka. Ndikukumbuka bwinobwino, koma a Direkita ndikawapeza kuti? Iyeyu ndiye ndikumuona tsiku ndi tsiku, ndi nkhope yake yachifundoyo. Ndani anamutuma kukweza dzanja?

Lamulungu, 19 Juni

Ku tchalitchi benchi lonse linali la Tisunge yekha.

Lachinayi, 23 Juni

Dailes, mnzathu wa m'kalasi, ndi anzake anatola ndowe za Joni zija, zinali zikadali pakhomo pa laibulale. Anaziika mu bulangeti la Tisunge. Kiyi wa chipinda chathu ndinapereka ndine. Tisunge analichapa, kuliyanika, mvula ya chiperoni n'kulinyowetsa. Wagona chofunda chitenje, ndi kuzizira kwa Juni kumeneku. Ndinamumva mano akugundana. Bulangeti langa lachiwiri lili m'sutikesi ndipo likhala momwemo.

Chomwe chimandinyansa n'choti sabwezera. Atatukwana bwenzi zitatha.

Lachiwiri, 5 Julayi

Zatuluka pa wailesi masana. Koleji yathu sinavomerezedwe. Ndinaimba ku bungwe lija, bambo wa ku ofesi anati pepani chemwali, tatenga wina. "Pepani chemwali." Zaka zinayi. Amayi ku Manjawira anauza kale msika wonse kuti mwana wawo akukayamba ntchito ya mu ofesi. Ndikawayang'ana bwanji?

Ndinalira chogona chafufumimba. Tisunge anabwera kudzandigwira phewa, ndinamukankha. Ndiye anagwada. Akuti akuchoka, bambo ake abwera Loweruka kudzatenga katundu. Akuti bambowo sakudziwa chilichonse, wailesi alibe, iye anawauza kuti alendo anasangalala. "Chonde Mervis, nditukwane ine mmene ungathere. Iwo aja chifuwa chawafooketsa, asamve." Ndinatembenukira kukhoma.

Loweruka, 9 Julayi

Afika dzuwa litakwera. Moni wawo uja, aliyense payekha. Mwa anyamata aja palibe analira ngati ng'ombe. Amantha.

Tisunge akutulutsa matiresi, iwo anatsitsa kathumba pa ngolo n'kubwera kwa ine, chipewa m'manja.

"Mayi Mervis, kampunga aka n'kanu, katsopano. Mwandisungira mwana ngati m'bale wanu. Koma tandiuzani inu, tsiku lovala magauni ndi liti? Mnzanuyu akungozungulira. Ine ndasoketsa kale jekete."

Tisunge anali kumbuyo kwawo, matiresi pamutu, akundiyang'ana, milomo ikuti chonde. Ndinayang'ana jekete lakale lija, ndinayang'ana ng'ombe, ndinamva mawu aja, pepani chemwali.

Ndinati: "Kulibe magauni, bambo. Sukulu aikana. Mabuku aja anali oti alendo aziyesa athu, inu munawauza kuti ndi obwereka. Tonse pano tapita pachabe, ndi mwana wanu yemwe."

Anamwetulirabe kaye, ngati sanamve. Anatembenukira kwa Tisunge. Tisunge anayang'ana pansi.

"Ine?"

"Inu."

Anakhosomola nthawi yaitali atagwira mzati wa khonde, chipewa n'kugwera pansi. Atatha anaika kathumba kaja pa mapazi anga bwinobwino, ndi manja awiri. Anati, "Pepani ana anga," kwa ine, kwa Cedric, kwa Dailes, mmodzimmodzi ngati moni uja.

Sanakwere ngolo. Anayenda kutsogolo kwa ng'ombe mutu uli pamtunda, Tisunge ndiye anagwira chikwapu. Sanalire, sanacheuke.

Chipewa chawo chikadali pakhonde, aliyense akuchilambalala. Chipinda chonse n'changa tsopano. Mpunga uli pakona, ukununkhira, ndatsegula mawindo onse koma fungo silikuchoka.